Simenti ya Chitsime cha Gasi ndi Mjigo wa ku Coolabilla

KOMITI YOYANG'ANIRA MJIGO WA KU COOLABILLA
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Loweruka, 18 Okutobala 2014
Malo: Holo ya ku Coolabilla
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka
Bambo Neville Wendt, wapampando
Bambo Lindsay Mott, msungichuma
Mayi Coral Duggan, osamalira pampu
Bambo Trevor Kajewski, membala
Mayi Glenys Tarrant, mlembi

Oitanidwa
Bambo Rohan Lassiter, oimira kampani ya gasi
Mayi Tamsin Wendt, injiniya woyeza zitsime

Osapezeka
Bambo Des Hanlon, wachiwiri kwa wapampando. Anapita kum'mawa ndi ng'ombe zawo kukafuna msipu, ndipo anatumiza mawu opepesa.

1. Kutsegulira msonkhano

Wapampando anathokoza onse pobwera ngakhale kunja kunatentha koopsa. Anapempha kuti mazenera onse atsegulidwe, ndi kuti pasapezeke wosuta fodya, ngakhale pakhonde. Bambo Mott anati akhala akusutira pakhonde limenelo kuyambira asanamere ndevu ndipo holo siinapsepo. Wapampando anawakumbutsa kuti mpopi wa kukhitchini ya holo umachokera ku mjigo womwewo. Bambo Mott anabweza ndudu m'thumba.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Bambo Mott anapempha kuti afufutidwe mawu amene ananena okhudza nsapato zonyezimira za Bambo Lassiter, poti lero abwera atavala mabuti. Komiti inalola.

3. Lipoti la osamalira pampu

Mayi Duggan, amene mjigo uli kuseri kwa nyumba yawo ndipo akhala akuyatsa pampu okha chimwalirire amuna awo, anati zinthu zaipiraipira. Anati madzi akutuluka motsokomola, oyera ngati mkaka, ndipo ukawasiya m'chidebe amangochita thovu. Anati ozimitsa moto anabwera ndi kachipangizo kawo konunkhiza gasi, ndipo kanayamba kulira asanatsegule n'komwe chitseko cha kanyumba ka pampu. Anati gasi ameneyu alibe fungo, ndipo n'chimene chikuwasowetsa mtendere. Galu wawo yekha ndiye akudziwa, chifukwa anasiya kugona pamthunzi wa kanyumbako.

Bambo Kajewski anati Lachiwiri akazi awo, Mayi Maureen, anatsegula mpopi wa kukhitchini chitofu chili choyaka. Mpopi unangopuma mpweya, moto unalumpha kuchokera pachitofu, ndipo mayiwo anapsa dzanja mpaka pachigongono. Anati chiyambire tsikulo kunyumba kwawo akudya zozizira, ndipo palibe amene akufuna kukhala woyamba kuyatsa machesi.

Mlembi akupempha kuti aloledwe kulemba pano zimene aliyense m'chipindacho ankazidziwa koma palibe anazitchula. Mjigo umenewu anaukumba ndi agogo athu. Tili ana madzi ankatumphuka okha, otentha, n'kumayenda m'ngalande kudutsa mafamu onse asanu ndi anayi, ndipo m'mawa wozizira wa mu Julaye nthunzi yake inkaoneka mpaka kumalire a maso. Mlembi ndi Mayi Duggan anaphunzirira kusambira m'ngalande imeneyo, ndipo ankagwiramo nkhanu ndi kanyama komangirira ku ulusi. Madzi atatsika tinaika pampu ndi mapaipi, ndipo mabanja ena onse anakumbanso madamu. A kwa Duggan sanakumbe, ndipo palibe anawaseka. Munthu amene mjigo uli pakhomo pake akumbirenji damu? Lero, chilala chitafika pamene chafikapa, ng'ombe mazana atatu za Mayi Duggan zilibe kwina komwera. Pampu ikazima, ng'ombezo sizingakhale pafamupo.

4. Lipoti la kampani pa simenti ya chitsime cha gasi

Bambo Lassiter anayamba ndi kupepesa kwa Bambo Kajewski. Anafotokoza kuti chitsime cha kampani yawo, chimene chili kuseri kwa mpanda wa kumpoto wa Mayi Duggan, chinaboola mwala wosunga madzi athu n'kupitirira pansi kwambiri kumene kuli gasi. Anati m'dzenjemo muli paipi yachitsulo, ndipo pakati pa paipi ndi mwala anathiramo simenti kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuti gasi asakwere cha kunja kwa paipi n'kulowa m'madzi. Anati simentiyo palibe angaione ndi maso. Choncho amatsitsa chipangizo pachingwe, chimene chimagogoda paipi n'kumamvetsera. Pamene simenti yagwira bwino paipi imangoti phi. Pamene paipi ili payokha imalira ngati belu. Anati chitsime chimenechi chinayezedwa chitangokumbidwa, zaka zitatu zapitazo, ndipo paipi inati phi kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Bambo Mott anati: "Ndiye si zomwe timachita pathanki ife? Umagogoda ndi chala, pamene yati phi pali madzi, pamene yalira palibe. Sukulu yonseyo, amwene, kuti mudzagogode thanki?"

Anthu anaseka. Mlembi akulemba kuti kuseka kwa tsikulo kunathera pamenepa. Bambo Mott anapitiriza kunena kuti thanki siinawanamizepo m'moyo wawo wonse, ndipo ngati paipi inati phi ndiye kuti simenti ilipo, vuto tilifufuze kwina. Wapampando anagwedeza mutu movomereza, ndipo mlembi nayenso anamva mtima kutsika, chifukwa tonse kuno tinakula tikukhulupirira chala ndi khutu.

Bambo Kajewski anati amene akufuna kuona simenti yabwino apite akaone dzanja la Maureen.

5. Mafunso kwa injiniya

Wapampando anadziwitsa komiti, ngakhale palibe amene sankadziwa, kuti Mayi Tamsin Wendt ndi mwana wawo. Anati amagwira ntchito kukampani ina imene imalembedwa ganyu yoyeza zitsime, ndipo ndiwo anatsitsa chipangizo m'chitsime chimenechi. Anati ali okonzeka kuchoka pampando pa mfundo imeneyi. Komiti inakana, poti wachiwiri wawo kulibe.

Mayi Tamsin anaimirira n'kuyamba ndi mawu akuti "Adadi". Wapampando anati muno ndi wapampando. Mayi Duggan anati: "Iwe Neville, mwana ameneyu tinkamusintha matewera tonse pano. Musiye ayankhule."

Mayi Tamsin anati zimene ananena Bambo Lassiter n'zoona, koma chitsimecho anachiyeza kawiri. Anati ulendo woyamba paipi inalira ngati belu pamtunda wautali ndithu, ndipo mtunda wake unali pomwe pali mwala wosunga madzi athu. Anati zikatero, aliyense wa ntchito imeneyi amachita chimodzimodzi: amapopera madzi mwamphamvu m'paipi kuti ifufume pang'ono n'kukanikiza simenti, kenako amayezanso paipi ili chifufumire. Anati ikapitiriza kulira ndiye kuti kuseri kuli mphako yaikulu yopanda simenti. Ikasiya kulira ndiye kuti simenti ilipo, kungoti inasiyana ndi paipi ndi kampata kochepa ngati tsitsi. Anati ulendo wachiwiri paipi inati phi.

Bambo Lassiter anati palibe chinabisidwa. Anati maulendo onse awiri ali mu lipoti, oyendera zitsime anawaona n'kuvomereza, ndipo umo ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira kulikonse. Mayi Tamsin anavomereza kuti n'zoona.

Bambo Mott anati: "Tadikirani. Ndiye mukuti thanki inalira, inu n'kuigwira pakamwa, n'kulemba kuti yasiya kulira?"

Mayi Tamsin anati sakanazinena choncho, koma sangatsutsenso.

Mayi Duggan anafunsa ngati madzi angadutse pakampata konga tsitsi. Mayi Tamsin anati n'kovuta kwambiri. Mayi Duggan anafunsa ngati gasi angadutse.

Bambo Lassiter anayankha kuti zitsime zambiri zili ndi kampata kotere ndipo sizinavutepo. Anati n'kuthekanso kuti gasi wa m'mjigo wathu sakuchokera kuchitsime chawo, chifukwa madzi atsika kwambiri ndi chilala, ndipo mijigo ina ya dera lino inkatulutsa gasi kalekale kampani isanabwere. Mayi Tamsin anati zimenezonso n'zoona.

Mayi Duggan anati: "Sindinafunse za zitsime zambiri ine. Ndafunsa cha kuseri kwa mpanda wanga. Tamsin, yang'ana kuno, mwanangu, usayang'ane bwanayo."

Mayi Tamsin anati: "Atha kudutsa, Anti. Ngati akudutsa, sindikudziwa. Chipangizo chija chimamva, sichiona. Ndipo phi uja chinamumva kamodzi, tsiku limodzi, paipi titaifufumitsa."

Anawonjezera kuti chiyambire nthawi imeneyo paipi yakhala ikutentha ndi kuzizira, kufufuma ndi kunyala, ndipo kampata kamene kanali konga tsitsi katha kukhala kuti kakula. Anati njira yodziwira ndi kuyezanso, paipi isanafufumitsidwe, ndi chipangizo china chimene chimamvetsera mbali zonse za paipi, komanso kutchera khutu ngati kuseri kukumveka gasi akuyenda. Anati zimenezi zimafuna makina aakulu oti ayambe asolola mapaipi a m'kati.

Bambo Kajewski anafunsa kuti makinawo abwera liti. Bambo Lassiter anati anawapempha kale atangomva za Mayi Maureen, ndipo anauzidwa kuti sangapezeke mpaka mwezi wa Febuluwale. Bambo Kajewski ananena mawu amene wapampando analamula kuti asalembedwe. Bambo Lassiter anati nawonso ali ndi ana, ndipo akadzuka m'mawa chinthu choyamba amayang'ana foni kuti aone ngati kuno kwachitika kanthu.

6. Zoti tichite ndi pampu mpaka Febuluwale

Bambo Mott anapereka ganizo lakuti paipi yopita m'nyumba zonse itsekedwe, mabanja azimwa madzi a mvula amene atsala m'mathanki ndi amene kampani ibweretse, koma kanyumba ka pampu kaphwasulidwe malata kuti mphepo izidutsa, ndipo pampu izigwira ntchito pomwetsa ng'ombe za Mayi Duggan zokha. Anati malatawo akaphwasula okha mawa lomwe. Bambo Kajewski anati ngati akukaphwasula ndi nyundo yachitsulo, aneneretu nyimbo zoti tidzaimbe pamaliro.

Bambo Lassiter anati kampani ibweretsa madzi a m'nyumba. Atafunsidwa za madzi a ng'ombe, anati akafunsa, koma sakufuna kunama: ng'ombe mazana atatu m'kutentha kuno zimafuna magalimoto angapo tsiku lililonse, pamsewu wafumbi umenewu, kwa miyezi inayi. Bambo Kajewski anati damu lawo latsala matope. Wapampando anati lawo silifika Khirisimasi. Bambo Mott anati lawo lingalandire ng'ombe makumi anayi, osapitirira apo.

Mayi Duggan anafunsa Mayi Tamsin maganizo awo pa ganizo la Bambo Mott. Mayi Tamsin anati za mijigo si ntchito yawo yeniyeni, koma anena zimene akudziwa. Anati madzi a m'mjigo amapondereza gasi ngati chivindikiro. Nthawi iliyonse pampu ikakoka, madzi amatsika, chivindikiro chimapepuka, ndipo gasi amapeza njira. Anati gasi akatsegula njira saiiwala. Anati tikapitiriza kupopa mpaka Febuluwale, mwina simenti idzakonzedwa koma mjigo udzakhala utawonongekeratu, wa mabanja onse. Tikasiya tsopano, madzi akwera, ndipo mwina apondereza.

Mayi Duggan anafunsa ngati akutsimikiza. Mayi Tamsin anati ayi.

Mayi Duggan anati: "Mwina, mwina. Ndiye ndigulitse ng'ombe za Ray chifukwa cha mwina?"

Mayi Tamsin anakhala pansi.

Mlembi akulemba, pothandiza amene adzawerenge izi mtsogolo, kuti Ray anali amuna a Mayi Duggan. Ng'ombe zofiira za pafamupo anaziyamba ndi bambo ake a Ray, ndipo chiyambire sipanagulidwepo ng'ombe yaikazi ya kwina. Mayi Duggan amadziwa mayi wa ng'ombe iliyonse, ndi mayi wa mayi wake. Ng'ombe zotere zikapita kumsika m'chaka cha chilala, zoonda, sizipita kufamu ina. Zimapita kokaphedwa.

Bambo Mott anati: "Coral, usamvere zimenezo. Pampu ndizikayatsa ine. Ndakalamba kale, ndikaphulika akazi anga Joyce apumako."

Mayi Duggan anati Joyce wavutika mokwanira popanda kutolera mwamuna wake m'mitengo. Kenako anafunsa Bambo Kajewski ngati Mayi Maureen akutha kupinda zala. Bambo Kajewski anati ziwiri zikukana. Mayi Duggan anaimirira n'kupereka ganizo lakuti pampu izimitsidwe lero, ndipo isayatsidwenso mpaka chitsime cha gasi chitayezedwanso ndipo komiti itamva zotsatira kuchokera pakamwa pa amene anayeza. Bambo Kajewski anavomereza ganizolo. Bambo Mott anakana kubweza lawo, koma linasowa wolivomereza.

Wapampando anaitanitsa mavoti pa ganizo la Mayi Duggan. Ovomereza anali Mayi Duggan ndi Bambo Kajewski. Okana anali Bambo Mott ndi mlembi. Mlembi sanapereke chifukwa, ndipo Mayi Duggan sanamuyang'ane.

Malinga ndi malamulo a komiti, wapampando savota pokhapokha mavoti akafanana. Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati sakumvetsa zonse za mapaipi ofufuma, ndipo akanakonda kukhulupirira khutu ngati Bambo Mott. Anati chinthu chimodzi chokha ndicho chawaopsa: mwana ameneyu chibadwire sanavomerepo kuti pali chimene sadziwa, koma lero wavomera pamaso pa anthu. Anavotera kuzimitsa.

Chigamulo: pampu izimitsidwe lero. Mlembi adziwitse mabanja onse dzuwa lisanalowe. Kampani ipereke tsiku lenileni la makina pasanathe sabata.

7. Zina ndi zina

Bambo Lassiter anafunsa ngati mawu onse a Mayi Tamsin alowe m'zolembedwazi, poti kampani yawo komanso mabwana a Mayi Tamsin adzaziwerenga. Anati sakufunsa moopseza, akungofuna kuti mayiwo adziwe. Wapampando anayang'ana pazenera. Mayi Tamsin anati zilembedwe zonse, ndipo dzina lawo lilembedwe lonse.

Mayi Duggan anapempha anthu ndi mahatchi Lachinayi m'mawa, odzathandiza kusonkhanitsa ng'ombe kuti zipite kumsika. Onse anavomera. Bambo Lassiter anafunsa ngati nawonso angabwere. Bambo Mott anati angabwere kudzatsegula ndi kutseka mageti, koma pahatchi ayi, poti ngozi imodzi yakwana.

Pa ng'ombe makumi anayi zopita kudamu la Bambo Mott, wapampando anapempha Mayi Duggan kuti asankhiretu. Mayi Duggan anati sangathe. Anapempha Bambo Mott kuti adzaime pageti n'kusankha okha, iwo adzakhala ali m'nyumba. Bambo Mott anati: "Ndidzasankha zoipa zokhazokha, udzandinene mpaka kumanda." Mayi Duggan anati palibe yoipa. Bambo Mott anatuluka panja kwa kanthawi.

Mayi Tamsin anachenjeza kuti pampu isazimitsidwire m'kanyumba, chifukwa kuzimitsa nakonso kumathetheka moto. Anati magetsi adulidwire pamtengo wa kumsewu, ndipo odulawo aime kumene mphepo ikuchokera. Bambo Kajewski anadzipereka kukadula. Mayi Duggan anakana. Anapempha kuti mlembi yekha awaperekeze.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzachitika Loweruka, 15 Novembala 2014, pa holo yomweyi, kapena tsiku lililonse lisanafike limenelo ngati pachitika kanthu. Wapampando anapempha kuti aliyense azigona foni ili pafupi. Msonkhano unatsekedwa nthawi itangopitirira 4 koloko madzulo.

Zowonjezera za mlembi

Mlembi anatsatira galimoto ya Mayi Duggan mpaka kufamu. Anadikira pamodzi mpaka thanki yaikulu itadzaza ndipo ng'ombe zonse zitamwa, chifukwa Mayi Duggan anati sizingagone ndi ludzu tsiku loyamba lomwe. Kenako anapita kumtengo wa magetsi. Kunalibe mphepo, choncho sanadziwe mbali yoti aime. Mayi Duggan anatsegula kabokosi n'kuika dzanja pa swichi, ndipo mlembi anawagwira lamba kumbuyo, osadziwa kuti zimenezo zikanathandiza chiyani. Onse awiri anatsinzina.

Sipanaphulike kanthu. Pampu inangosiya. Ng'ombe zimene zinali momwera madzi zinadzutsa mitu zonse pamodzi n'kuyang'ana kukanyumba, kenako zinatembenukira kwa Mayi Duggan, ndipo zinayamba kuyenda pang'onopang'ono kubwera kumpanda.

Mayi Duggan anatseka kabokosi. Anati: "Glenys, ukalembe kuti ndazimitsa ndekha."

Mlembi walemba.

Neville Wendt
Wapampando

Glenys Tarrant
Mlembi